Mkangano wa amishoni ndi chipembedzo cha makolo ku Thyolo

Mkangano wa amishoni ndi chipembedzo cha makolo ku Thyolo ndi kusamvana kumene kunalipo pakati pa azungu ofalitsa Chikhristu ndi anthu a m'boma la Thyolo komanso madera oyandikana nalo, makamaka Amang'anja ndi Alomwe, pa nthawi ya ulamuliro wa atsamunda a ku Britain, kuyambira 1891 mpaka 1964. Mbali ziwirizi zinkasiyana pa nkhani za nsembe, chinamwali, magule, mowa, mitala, ufiti ndi tsiku lopuma. Boma la Thyolo, lomwe atsamunda ankalilemba kuti Cholo, linali losiyana ndi maboma ambiri a m'dziko muno chifukwa gawo lalikulu la nthaka yake yachonde linali m'manja mwa eni maesiteti a khofi, fodya ndipo kenako tiyi. Pa chifukwa chimenechi, mkanganowu unali ndi mbali zitatu: mudzi, mishoni ndi esiteti. Mbali iliyonse inkafuna kukhala ndi mphamvu pa malo, pa ana ndi pa masiku a munthu mmodzi yemweyo.

Anthu ndi chipembedzo chawo amishoni asanafike

Eni nthaka akale a dera la Thyolo ndi Amang'anja, omwe ndi nthambi ya Amaravi. Iwo ankakhulupirira Mulungu mmodzi wolenga, amene ankamutchula ndi mayina monga Mulungu, Chauta, Mphambe ndi Namalenga. Munthu sankapita kwa Mulunguyo yekha. Ankadzera kwa mizimu ya makolo ake, yomwe inkapatsidwa nsembe ya ufa ndi mowa pakachisi, pamanda kapena patsinde pa mtengo wosankhika. Banja likagwa m'matenda, mwinimbumba ndiye ankatsogolera nsembe. Dziko likauma, udindowo unkakhala wa mfumu ndi akuluakulu a mudzi.

Pamwamba pa nsembe za m'midzi panali chipembedzo cha Mbona. Malinga ndi mbiri ya pakamwa ya Amang'anja, Mbona anali munthu wodziwa kuitana mvula amene anaphedwa ndi adani ake, ndipo mutu wake unaikidwa m'nkhalango ya Khulubvi, m'boma la Nsanje. Pamenepo ndi pamene pali kachisi wake wamkulu mpaka lero. Pakachisiyo pankakhala mkazi wotchedwa Salima, amene ankatengedwa kuti ndi mkazi wa Mbona, ndipo anthu ankati Mbona amabwera kwa iye ngati nsato. Mafumu a madera akutali ankatumiza nsalu zakuda ndi mphatso zina popempha mvula. Mfumu yaikulu ya Amang'anja, Lundu, inali ndi udindo woonetsetsa kuti kachisiyo akusamalidwa. Amishoni oyamba amene anafika m'dera la Shire m'zaka za m'ma 1860 analemba za mzimu wotchedwa Bona umene anthu ankati umakhala paphiri la Choro, lomwe ambiri amati ndi phiri la Thyolo.

M'zaka za m'ma 1800 dera lonseli linagwedezeka. Malonda a akapolo, kubwera kwa Ayao, njala ya 1862 mpaka 1863, ulamuliro wa Amakololo m'chigwa cha Shire ndiponso nkhondo za Angoni zinabalalitsa midzi yambiri ndi kufooketsa ufumu wa Lundu. Kuyambira m'zaka za m'ma 1890, Alomwe ambiri anayamba kuwoloka kuchokera ku Mozambique pothawa nkhanza za Apwitikizi, msonkho ndi njala. Iwo anabwera ndi chikhulupiriro chawo mwa Muluku, mbiri yoti anthu anachokera kuphiri la Namuli, zinamwali za anyamata ndi atsikana, komanso gule wa nsembe wa tchopa. Patapita zaka, Alomwe anachuluka kuposa mitundu ina ku Thyolo ndi ku Mulanje.

Kufika kwa amishoni

Mishoni yoyamba kumapiri a Shire inali ya UMCA, yomwe inakhazikika ku Magomero mu 1861 motsogozedwa ndi Bishopu Charles Mackenzie. Amishoniwa analowerera m'nkhondo yolimbana ndi Ayao pofuna kumasula akapolo. Mackenzie anamwalira ndi malungo mu January 1862, ndipo pasanapite zaka zitatu mishoniyo inachoka m'dziko muno n'kukakhazikika ku Zanzibar.

Mu 1876 mpingo wa Church of Scotland unatsegula mishoni ya Blantyre. Pa nthawiyo kunalibe boma la atsamunda, choncho amishoni anayamba kuweruza okha milandu ngati mafumu. Anthu ena anakwapulidwa, ndipo mu 1879 munthu wina woganiziridwa kuti anapha mayi anawomberedwa ndi mfuti pa chigamulo cha mishoni. Nkhaniyi inaululika ku Britain mu 1880 kudzera m'kabuku ka mlendo wina dzina lake Andrew Chirnside. Mtsogoleri wa mishoni, Duff Macdonald, anachotsedwa pamodzi ndi anzake ena. Mmodzi mwa ochotsedwawo, John Buchanan, anadzakhala mlimi wamkulu wa khofi ndi mwini malo ambiri. David Clement Scott, amene anatenga utsogoleri mu 1881, anali ndi mtima wina: anaphunzira Chimang'anja mozama, anatulutsa dikishonale yake mu 1892, ndipo ankafuna kuti mpingo ukhale ndi atsogoleri achiafirika.

Ku Thyolo kwenikweni, mishoni yodziwika kwambiri inayamba ndi Joseph Booth, Mngelezi amene anafika m'dziko muno mu 1892 ndipo anayambitsa mishoni zingapo, kuphatikizapo Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi ndi Nyasa Industrial Mission, yomwe pambuyo pake inakhala ndi siteshoni ku Ntambanyama. Cha m'ma 1900 Booth anatsegula mishoni ya Plainfield pafupi ndi Makwasa m'dzina la mpingo wa Seventh Day Baptist wa ku America. Mu 1902 malowo, okwana maekala pafupifupi 2,000, anagulidwa ndi mpingo wa Seventh-day Adventist, umene unatumiza Thomas Branch, munthu wakuda wa ku America, pamodzi ndi banja lake. Booth anachoka mu 1903. Mu 1907 kunabwera Joel Rogers, amene anasintha dzina la mishoniyo kukhala Malamulo, kutanthauza malamulo khumi a Mulungu. Akatolika a chipani cha Montfort anafika ku Nzama m'boma la Ntcheu mu 1901, anatsegula Nguludi ku Chiradzulu mu 1903, ndipo kuchokera kumeneko ntchito yawo inafalikira kumaboma a tiyi.

Maesiteti ndi thangata

Dziko litakhala pansi pa Britain mu 1891, Harry Johnston anapereka kwa azungu zikalata zotsimikizira umwini wa malo amene ankati anagula kwa mafumu. Malo ambiri anagulidwa ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Kwa mafumu, kupereka malo kunali kulola mlendo kulima. Kwa azungu kunali kugula kotheratu. Kampani ya British Central Africa Company inakhala ndi malo aakulu zedi ku Thyolo. Khofi atalephera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, alimi achizungu anatembenukira ku thonje, fodya ndi tiyi. Mbewu ya tiyi inayesedwa koyamba m'munda wa mishoni ya Blantyre, inalimidwa ku Mulanje kuyambira m'ma 1890, ndipo inafika ku Thyolo cha m'ma 1908. Esiteti ya Satemwa inayamba mu 1923.

Zikalata za Johnston zinkati midzi yomwe inalipo kale isasokonezedwe. Alomwe obwera pambuyo pake sanatetezedwe ndi mawu amenewa. Iwo ankaloledwa kumanga ndi kulima pa esiteti pokhapokha atagwirira ntchito mwini malo, kawirikawiri m'nyengo ya dzinja pamene minda yawo inkafunanso khasu. Dongosololi linkatchedwa thangata. Kale mawuwa ankatanthauza kuthandizana ntchito pakati pa anansi, koma pa esiteti anasanduka dzina la ntchito yokakamiza. Panalinso msonkho wa nyumba, womwe unkatsika kwa munthu amene wagwirira ntchito mzungu kwa mwezi umodzi. Lamulo la 1928 lokhudza anthu okhala pa maesiteti linalola kulipira lendi ndi ndalama, ntchito kapena mbewu, koma linapatsanso eni malo mphamvu yothamangitsa ena mwa anthuwo pa zaka zisanu zilizonse.

Zimenezi zinakhudza chipembedzo mwachindunji. Midzi, manda ndi nkhalango zina za nsembe zinapezeka mkati mwa malire a esiteti. Mfumu imene inkayenera kupempha mvula m'malo mwa anthu ake inalibenso ulamuliro pa nthaka imene mvulayo inkagwera. Amishoni nawo sakanamanga sukulu kapena tchalitchi pa esiteti popanda chilolezo cha mwini malo, ndipo eni malo ena ankakana poopa kuti anthu ophunzira adzayamba kuwerenga masiku awo a ntchito ndi kufunsa mafunso.

Nsembe ndi mvula

Amishoni ambiri ankaphunzitsa kuti kuthira nsembe kwa mizimu ndi kupembedza mafano. Munthu wolowa kalasi ya ubatizo ankalonjeza kusiya nsembe, kutaya zithumwa ndi kusapitanso kwa owombeza ula. Vuto linali lakuti nsembe ya mvula inali ya mudzi wonse. Banja lililonse linkasonkha ufa kapena chimera, ndipo amene wakana ankaoneka ngati akuika anzake pa ngozi ya chilala. Mvula ikachedwa, akuluakulu ankaloza Akhristu kuti akwiyitsa mizimu, pamene aphunzitsi a mishoni ankaitanitsa mapemphero awoawo a mvula m'tchalitchi.

Kufupi ndi Khulubvi mkangano unali woonekeratu. Mishoni ya South Africa General Mission, yomwe inakhazikika ku Lulwe ndi ku Chididi m'mapiri a Nsanje, inkalalikira motsutsa Mbona. Mfumu Molin Tengani, yemwe anali Mkhristu, anasemphana ndi osunga kachisi chifukwa sankakwaniritsa udindo umene mafumu a Tengani anali nawo pa chipembedzocho, ndiponso ankalimbikitsa malamulo a boma a malimidwe omwe olankhula m'dzina la Mbona ankawatsutsa. Komabe chipembedzo cha Mbona chinatengako mawu a Chikhristu. Anthu ena anayamba kunena kuti Mulungu ali ndi ana awiri: Yesu wa azungu ndi Mbona, Yesu wakuda.

Chinamwali, sukulu ndi magule

Nkhondo yaikulu inali pa ana. Kwa makolo, mwana wosavinidwa sanali munthu wamkulu ngakhale atameza zaka zingati, ndipo kupeza banja kunkamuvuta. Kwa amishoni, chinamwali chinali malo a nyimbo zolaula ndi malangizo osayenera. Ana a sukulu amene apita kusimba ankatha kuchotsedwa m'kalasi ya ubatizo, ndipo makolo achikhristu amene avinitsa ana awo ankadulidwa mumpingo. Anankungwi ndi mafumu nawo ankaona sukulu ngati chinthu chowalanda ana ndi ulemu, chifukwa mphunzitsi wachinyamata ankatha kutsutsa mfumu pamaso pa anthu. Mabanja ambiri anapeza njira yawo: ankatumiza mwana kwa achibale kumudzi wina pa nthawi ya tchuthi kuti akavinidwe mwakachetechete. Mipingo itaona kuti kuletsa kokha sikukuthandiza, inayambitsa chilangizo, momwe amayi ndi abambo achikhristu amalangiza achinyamata m'malo mwa anankungwi.

Nyau, zomwe zimapezeka pakati pa Achewa ndi Amang'anja, zinali mdani wamkulu wa mishoni. Kulimbana koopsa kunachitika m'zaka za m'ma 1920 m'chigawo chapakati, m'maboma monga Dedza, Lilongwe, Dowa ndi Mchinji, kumene Akatolika ndi amishoni a Dutch Reformed anapempha boma kuti liletse gule. Boma linangoika malire koma linakana kuletseratu, poopa kukwiyitsa mafumu amene linkawadalira potolera msonkho. Anyau anayankha mwa luso lawo: anasema zilombo zonyoza za m'tchalitchi, monga Simoni, Maliya ndi Yosefe. M'midzi ya Alomwe, magule okhudzana ndi nsembe ndi mizimu, kuphatikizapo tchopa, ankatengedwa ndi mipingo yambiri ngati zachikunja.

Ukwati, mowa, chakudya ndi Sabata

Mwamuna wa mitala sankabatizidwa pokhapokha atasiya akazi ena n'kutsala ndi mmodzi. Lamuloli linapweteka kwambiri amayi osiyidwawo ndi ana awo. Amishoni ankalalikiranso kuti bambo ndiye mutu wa banja, pamene Amang'anja ndi Alomwe amatsata chikamwini, momwe mwamuna amakakhala kwa mkazi ndipo ana ali m'manja mwa atsibweni awo. Mipingo ya Chipulotesitanti inkaletsa mowa, womwe unali pakati pa nsembe, maliro, ndi dima lolimitsa minda. Mkhristu wokana kufulula kapena kumwa ankadzipatula pa zochitika zambiri za pamudzi.

Ku Malamulo malamulo anali okhwima kuposa pamenepa. Kuwonjezera pa mowa ndi fodya, Aadiventi ankaletsa nkhumba, mbewa ndi nsomba zopanda mamba monga mlamba. Chiphunzitso chawo cha zaumoyo sichilimbikitsanso kumwa tiyi, mbewu yeniyeni imene inazungulira mishoniyo. Kusunga Sabata tsiku Loweruka kunawasemphanitsa ndi mbali ziwiri: mipingo inzawo yopemphera Lamulungu, ndi maesiteti kumene Loweruka linali tsiku la ntchito. Wantchito wokana kugwira ntchito pa Sabata ankaika pachiswe tikiti yake, ndipo kwa munthu wa thangata tikitiyo inali chilolezo chokhalira pamalopo. Ngakhale zinali choncho, anthu ambiri anakopeka ndi Malamulo chifukwa cha sukulu zake za m'midzi, maphunziro a uphunzitsi ndi chipatala chake, chomwe chinatchuka pothandiza odwala khate.

Ufiti, mwavi ndi Mchape

Pa nkhani ya ufiti, mishoni ndi boma zinali mbali imodzi. Lamulo la 1911 linaletsa kumwetsa mwavi ndi kutchula munthu kuti ndi mfiti. Lamuloli linapulumutsa anthu ambiri amene akanafa ndi mwavi, koma kwa anthu a m'midzi linaoneka ngati boma likuteteza afiti ndi kulanga owagwira. Mpata umenewu unadzazidwa ndi gulu la Mchape, lomwe linabuka cha m'ma 1933 ndipo linkatchula munthu wa ku Mulanje dzina lake Kamwende kuti ndiye gwero la mankhwala ake. Anyamata a Mchape ankayenda m'midzi atavala zachizungu, kuunika anthu ndi kalilole, kuwalanda nyanga ndi zithumwa, ndi kuwamwetsa mankhwala otsuka ufiti. Ankalalikira ngati aphunzitsi a mishoni ndipo ankati Kamwende anafa n'kuuka. Gululi linafalikira mpaka ku Northern Rhodesia, Tanganyika ndi Mozambique. Mipingo inaletsa anthu ake kumwa mchape, koma Akhristu ambiri anamwa, chifukwa wokana ankaganiziridwa kuti ndiye mfitiyo.

Chilembwe ndi zotsatira za 1915

Si onse otsutsa amishoni ndi atsamunda amene anali a chipembedzo cha makolo. Ena anali Akhristu owerenga Baibulo. John Chilembwe, amene anaphunzira kwa Booth ndi ku America, anatsegula Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu mu 1900. Ambiri mwa anthu ake anali Alomwe a thangata pa maesiteti a A. L. Bruce ku Magomero, kumene woyang'anira, William Jervis Livingstone, ankawotcha matchalitchi a mpingowo omangidwa pa esiteti. Pa 23 January 1915 anthu a Chilembwe anaukira ndi kupha azungu atatu, kuphatikizapo Livingstone, ndipo patapita masiku ochepa anawotcha mishoni ya Nguludi. Chilembwe anaphedwa pa 3 February 1915, ndipo tchalitchi chake cha njerwa chinaphulitsidwa ndi asilikali.

Pa kafukufuku wa boma amene anatsatira, eni maesiteti anaimba mlandu sukulu za mishoni. Alexander Hetherwick wa ku Blantyre anaikira kumbuyo maphunziro a Aafirika. Mishoni zing'onozing'ono zokhala ndi mizu mwa Booth, kuphatikizapo Malamulo, zinayamba kuyang'aniridwa ndi diso lokayikira, ndipo mipingo yotsogozedwa ndi Aafirika okha inapanikizidwa. Mishoni ya ku Mbombwe inatsegulidwanso mu 1926 ndi Daniel Malikebu.

Wilfred Gudu ndi Ana a Mulungu

Ku Thyolo, munthu amene anaonetsa bwino kusweka kwa ubale wa mishoni ndi anthu ake ndi Wilfred Gudu, yemwe m'mabuku a boma ankalembedwa kuti Wilfrid Good. Iye anaphunzira ndi kugwira ntchito ku Malamulo, koma anasemphana ndi atsogoleri a mishoni pa nkhani ya chilango cha mumpingo, chomwe ankati sichiperekedwa mofanana. Mu 1935 anayambitsa mpingo wake wotchedwa Ana a Mulungu. Anthu ake ankakhala ndi kulima pamodzi, ndipo ankakana kulipira msonkho ponena kuti ali pansi pa ufumu wa Mulungu yekha. Mu 1938 Gudu anamangidwa pamodzi ndi ena mwa omutsatira, ndipo anamasulidwa mu 1942. Anamwalira mu 1963.

Mkwiyo wa nkhani ya malo unaphulika mu August 1953, chaka chimene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba. Zipolowe zinayambira pa esiteti ina pafupi ndi Luchenza pa mlandu wa malalanje, n'kufalikira ku Thyolo ndi maboma oyandikana nawo, ndipo anthu 11 anaphedwa. Boma linapitiriza kugula malo ena a maesiteti n'kusamutsirako anthu, ndipo thangata anathetsedwa mwalamulo mu 1962.

Mmene olemba mbiri amaonera

Mabuku akale a mishoni ankafotokoza nkhaniyi ngati kulimbana kwa kuwala ndi mdima. Olemba a pambuyo pa ufulu anaiona mwa njira zina. Ian Linden, m'buku lake la 1974 lonena za Akatolika ndi Achewa, anaonetsa kuti nyau zinali chida cha midzi chokanira ulamuliro wa alendo. Matthew Schoffeleers, wansembe wa chipani cha Montfort wochokera ku Netherlands amene anagwira ntchito m'chigwa cha Shire, anafufuza za Mbona kwa zaka zambiri ndipo m'buku lake la 1992 anafotokoza kuti kachisi wa Khulubvi anali malo amene anthu wamba ankadzudzulirapo olamulira. Olemba ena amakumbutsa kuti amene anafalitsa kwambiri Chikhristu m'midzi anali aphunzitsi ndi alaliki achiafirika, osati azungu, kotero kuti mkangano weniweni unkachitika pakati pa mwana ndi atsibweni ake, kapena pakati pa mkazi ndi apongozi ake. Ena amatsindika kuti akapolo omasulidwa, amayi oganiziridwa ufiti ndi odwala khate anapeza pothawira pa mishoni, pamene mwambo unalibe powaika.

Masiku ano

Anthu ambiri a ku Thyolo lero ndi Akhristu, ndipo mipingo ya Seventh-day Adventist, Katolika, CCAP ndi ya Chipentekoste ili ponseponse. Ku Malamulo kuli chipatala chachikulu ndi sukulu yophunzitsa za umoyo. Mawu amene Akhristu amatchulira Mulungu ndi omwewo a makolo: Buku Lopatulika la 1922 linagwiritsa ntchito dzina la Mulungu, ndipo Buku Loyera limagwiritsanso ntchito dzina la Chauta. Zinamwali zikuchitikabe m'nyengo ya tchuthi chachikulu, zina kusimba, zina kutchalitchi, ndipo mkangano wake tsopano umakhudza kwambiri maphunziro a atsikana, maukwati a ana ndi matenda. Kachisi wa Khulubvi akadalipo. Bungwe la UNESCO linazindikira Gule Wamkulu mu 2005 ndi tchopa mu 2014 ngati chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse lapansi, ndipo tchopa amavinidwa chaka chilichonse pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe ku Chonde, m'boma la Mulanje. Nkhani ya malo ndiyo sinathe: Thyolo ndi limodzi mwa maboma othithikana kwambiri m'Malawi, ndipo midzi yambiri ikadali yopanikizika m'mphepete mwa minda ya tiyi.